Foni Inati Zatheka

Pa siteji ya Chintheche, mayi wina ankaonetsa foni yake bambo wa laputopu amene ankadikira naye minibasi.

"Taonani, ada! Ndinakwera pachulu kusaka netiweki, n'kutumiza fomu ya mwana wanga yofunsira sukulu ya unamwino. Foni inati 'Zatheka.' Lero akuti fomuyo sinafike, ndipo akutseka kulandira mafomu mawa!"

"Netiweki inathawa muli mkati motumiza?"

"Kwathu imathawa ngakhale mungotsokomola."

"Ndiye wolakwa si inu, ama. Ndi amene analemba pulogalamu yotumizira fomuyo. Ife olemba mapulogalamu, ntchito yoti ingakanike timaiika m'chigawo chotchedwa try. Ikakanika, pulogalamu imaponya uthenga wa vutolo, wotchedwa exception, ndipo chigawo china chotchedwa catch chimaulandira kuti chikuuzeni muyesenso. Koma waulesiyu anasiya catch yopanda kanthu! Uthenga unamezedwa, pulogalamu n'kupitirira kukunamizani."

"Ndiye inadziwa, n'kungokhala duu?"

"Inadziwa! Panangofunika kulemba mzere umodzi wokha mu catch imeneyo. Iwo amayesera m'tauni, momwe netiweki sithawa. Za ife apachulu alibe nazo ntchito."

"Ndilembereni zimenezo papepalapa. Ndikupita nazo ku ofesi ya sukuluyo lero lomwe."

"Akakana kumva?"

"Ndikakuwa mpaka amve. Ine si catch yawoyo, sindimeza mawu."