Nyimbo imene Bambo Zdravko Mitrev anaisiya pakati

Malemu Bambo Zdravko Mitrev, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa pa 9 Malichi 1968 konkuno ku Pernik. Anali woyamba m'banja la ana awiri. Bambo awo ankagwira ntchito mumgodi wa malasha, ndipo mayi awo ankasoka zovala. Mng'ono wawo, Bambo Tsvetan, amene akhala kutsogoloku atagwira ndodo, anabadwa patapita zaka zitatu.

Maphunziro awo onse anachitira m'tauni muno, ndipo mu 1987 anamaliza maphunziro a zamagetsi. Atabwerako ku usilikali mu 1989, analembedwa ntchito yosamalira zokuzira mawu pa holo ya anthu a m'migodi. M'holo imeneyo ndi mmene a Tsvetan ndi anzawo atatu ankakumana n'kumaimba nyimbo zija za magitala aukali, zimene makolo athu ankangoti ndi phokoso. A Tsvetan ankaimba ng'oma. Malemu sankaimba chida chilichonse. Ankakhala kumbuyo, zala zili pa mabatani, akumvetsera.

Mu 1992 anakwatira Mayi Nevena, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi mwana mmodzi, Ralitsa. Ntchito ya pa holo itatha, anasandutsa chipinda cha pansi pa nyumba yawo kukhala situdiyo. Mayi Nevena amakumbukira kuti ng'oma ikalira, mabotolo awo a tsabola ankayenda okha pa shelefu. Ankaima pamwamba pa masitepe n'kuchenjeza kuti likangosweka limodzi, gulu lonselo lidya magalasi ake.

Luso la malemu linali pa ng'oma ziwiri: yaikulu yoponda ndi phazi, ndi yaing'ono ya mawaya yomenya ndi timitengo. Ankanena kuti yaikuluyo iyenera kumveka m'chifuwa, pamene yaing'onoyo izifika ngati mbama. Oimba akawapempha kuti akweze zonse, ankakana. Ankati kukweza sikukulitsa nyimbo. Ankachepetsa magitala pamalo pamene ng'oma ikufuna mpata, mpaka nyimbo izimveka ngati khoma likugwa. Magulu oimba ankachokera ku Sofia ndi ku Plovdiv kudzafuna kulemera kumeneko m'chipinda chonunkha tsabola.

Mu 2019 a Tsvetan anadwala sitiroko. Manja anachira, koma mwendo wamanja, umene umaponda ng'oma yaikulu, mphamvu zake sizinabwerere. Anaika ng'oma zawo m'galaja n'kuzifunditsa bulangete, ndipo sankafuna kuti munthu atchule za nyimbo pamaso pawo. Anasiya ngakhale kutuluka panja. Tsiku lina mu 2022 malemu anapita kwawo atanyamula tepi ya 1994, imene anawajambulapo adakali mnyamata, n'kuiika patebulo.

"Mwendo wako ndinausunga m'kabati, ndi uwu," anatero. "Iwe uziponda mmene ungathere. Zolemeretsazo undisiyire ine."

A Tsvetan anayankha kuti, "Achimwene, mwakalamba nayo misala." Koma sabata yotsatira anatsika masitepe aja, ndipo gulu linajambula nyimbo zisanu ndi imodzi.

Ndiloleni ndifotokoze ntchito imene malemu anadzipatsa, poti ambiri simunaione. Phazi la a Tsvetan linkagunda motsika kwambiri, moti ng'oma yaing'ono inkalikwirira, ndipo kompyuta sinkatha kulipeza payokha. Choncho malemu ankamvetsera kugunda kulikonse, n'kutenga kugunda kwamphamvu kwa pa tepi yakale ija, n'kukuika pansi pake ndi dzanja lawo. Ziwirizo zikaphonyana pang'ono chabe zimadyana, ng'oma n'kumamveka ngati katoni. Pena phazilo linkangokhudza, osamveka n'komwe. Amene ankadziwa pamene mng'ono wawo ankafuna kuponda anali iwo okha, chifukwa phazi limenelo anali atalimvetsera kuyambira m'holo muja. Nyimbo yoyamba itatha, a Tsvetan anaimvera ataimirira, ndodo ili pansi.

Mu Okutobala 2023 malemu anayamba kutsokomola mosalekeza. Madokotala anapeza khansa ya m'mapapo itafalikira kale. Pa nthawiyo nyimbo zisanu zinali zitatha, kutatsala imodzi, yaitali kuposa zonse. Anthu ankawatsitsa m'situdiyo atawanyamula pampando, ndipo Ralitsa ankawagwira mkono kuti usanjenjemere. Ntchito imene kale inkawatengera m'mawa umodzi inayamba kuwatengera sabata. Mayi Nevena ankawadandaulira kuti apume, koma iwo ankayankha kuti sangamusiye mng'ono wawo akutsimphina pakati pa nyimbo.

Mu Febuluwale chaka chino sanathenso kutsika. Banja linakweza kompyuta kuchipinda chogona, koma mankhwala anali atawatseka makutu. Anavala zomvetsera, anamvetsera nthawi yaitali, kenako anazivula n'kutembenukira kukhoma. Banja linaitana akatswiri awiri a ku Sofia, ophunzira akale a malemu, anthu odziwa ntchito ndi a mtima wabwino. Anayesetsa, ndipo ng'oma inamveka mwamphamvu ndithu. Koma a Tsvetan atamvera anapukusa mutu, n'kunena kuti phazi limenelo ndi la munthu wina. Anayesa kuwalozera okha pamene ankafuna kuponda, koma sanakumbukire. Panalibe amene akanatha kuthandiza. Tonse tinkangokwera ndi kutsika masitepe, osadziwa chochita.

Ali m'chipatala, malemu anafunsa ngati nyimbo ija yatha. A Tsvetan anawalembera papepala kuti sinathe. Chala cha malemu chinkangogunda pa bulangete pang'onopang'ono, ngati chikufunafuna pamene anasiyira. Anatisiya pa 3 Epulo 2024 ali ndi zaka 56.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Nevena, mwana wawo Ralitsa, zidzukulu ziwiri, ndi mng'ono wawo Bambo Tsvetan.

Banja likuthokoza bambo wansembe, madokotala ndi anamwino, amayi amene aphika tirigu amene timadya pa maliro mwa mwambo wathu, ndi inu oimba amene munanyamula mpando uja m'masitepe popanda kudandaula. Lero mwavala zakuda monga mwa masiku onse, koma tikudziwa kuti za lero n'zina.

Bokosi likamatuluka pabwalo la tchalitchi, mumva nyimbo yomaliza ija. A Tsvetan apempha kuti ilire monga mmene inasiyidwira. Iyamba ndi ng'oma yolemera, yomveka m'chifuwa. Ikafika pakati, ng'omayo izimiririka mwadzidzidzi, ndipo mutsala ndi magitala ndi kaphazi kofooka kakuvutikira pansi pawo mpaka kumapeto. Anyamata amene muli pafupi ndi zokuzira mawu, chonde musakhudze mabatani. Palibe chimene chawonongeka. Pamenepo ndi pamene dzanja la malemu linaimira.

Bambo Zdravko, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mu mtendere wosatha.