Kuponda Mashini Si Kunyamula

— Halo? Amayi?

— Halo, mwanawe. Wadzuka bwanji?

— Ndadzuka, kaya inu?

— Tadzuka. Adzukulu anga ali bwanji? Nanga bambo awo?

— Onse ali bwino. Dzulo ndinakuimbirani kanayi konse, osayankha.

— Netiweki, mwanawe. Kuno imachita kufuna yokha.

— Nanga ababa? Bala lija likuuma?

— Alipo... alipo ndithu.

— Amayi, chikulira tii-tii kumbuyoko n'chiyani? Muli kuchipatala?

— Iwe ndi makutu akowo! Chabwino, koma usakuwe. Tili muwodi. Zoopsa zapita.

— Zoopsa zanji? Halo? Mukuduka!

— Taima ndisendere pawindo. Ndimati, kasefa kaja anawaika mumtsempha waukulu Lachiwiri, kogwira magazi oundana kuti asathamangire kumapapo...

— Kathawa pamalo?

— Tandidikira! Adokotala anati sabata yonse asanyamule cholemera. Dzulo masana ndikuchokera kumsika, ndili pageti ndangomva mashini akulira. Bambo ako akusoka!

— Akusoka?

— Ati, "Kuponda mashini si kunyamula." Ndi mwendo womwewo analowetsera kasefako! Ndisanatule n'komwe dengu, buluku lonse magazi okhaokha. Paja akumwa mankhwala osungunula magazi aja. Magaziwo ankangotuluka ngati pampopi.

— Mayo ine! Ndiye munatani?

— Ndinatsomphola nsalu inali pamashinipo n'kukanikiza pantchafupo ndi chibakera. Aneba anathamanga ndi galimoto. Njira yonse dzanja osasuntha. Bambo akowo milomo itayera mbee, koma n'kumadandaula kuti nsaluyo ndi ya kasitomala!

— Ababa koma! Panopa ali bwanji? Musandibisire.

— Magazi anasiya. Awawonjezera mabotolo awiri. M'mawa uno awajambula, kasefa kali pamalo pake, sikanaboole mtsempha. Mankhwala aja awaimitsa kaye, adokotala awonanso mlingo wake. Pano bambo ako ayamba kale kukangana ndi anesi, ati yunifolomu yawo anaisoka mokhota.

— Ndiye achira amenewo! Koma amayi, foni inalira kanayi. Bwanji osandiuza?

— Ndinaiona ikuwala, mwanawe. Ndikanakuuza chiyani, ndisakudziwa ngati ndikukuitanira kudzazonda kapena kumaliro?

— Amayi... mukulira?

— Eya, ndikulira. Ndisiye ndilire. Dzulo ndinalibe dzanja lopukutira misozi.

— Mayunitsi akutha. Ndikwera basi yoyamba mawa, mwamva? Muwauze kuti...

— Uwauza wekha, adzuka. Bambo, gwirani foni, mwana wanu. Ayi, osadzuka! Gonani choncho!