Kadontho Kakuda Panyali

Pamzere wa kwa makaniko mumsika wa ku Nagpur, Sulochana anafumbata babu latsopano la halojeni, lowala kwambiri, loti aike panjinga yake yamoto. Bambo wa ndodo amene anali kumbuyo kwake analiyang'anitsitsa.

"Chemwali, mukaika limenelo mupakenso kadontho kakuda pakati pa galasi la nyali, lisamathobwe anthu m'maso."

"Ndigule kuwala kenako ndikuphimbenso? Dzana ndinatsala pang'ono kugunda ng'ombe itagona pamsewu, mwana wanga ataima kutsogolo kwanga panjingapo. Inu munalipo?"

"Ng'ombeyo muziionadi. Nanga amene mukuphana nayeyo aziona chiyani?"

"Atsinzine! Ine zikundikhudza pati?"

"Inetu ndinatsinzina, chemwali."

"Ndiye?"

"Ndiye pano ndabwera kudzagulitsa njinga yanga. Mwendo wopondera buleki unatsala m'ngalande."