Madzi Akugona

Pamgodi wina wa golide, madzi otsukira miyala amatuluka ali psuu ndi matope, ndipo asanapite kumtsinje amayamba adutsa m'maiwe atatu kuti matopewo atsale pansi. Kapitawo wa maiwewo, amene anzake ankamutcha Ndanenakale chifukwa chibadwire sanabwezepo mawu ake, anafika m'mawa n'kupeza dziwe loyamba litadzaza mpaka m'milomo, mlamu wake amene kapitawoyo anali atangomupezera ntchito atakhala phee pa ndowa, chala pakamwa.

"Alamu! Bwanji simunachotse thabwa kuti madzi alowe m'dziwe lachiwiri?"

"Shii!" ananong'ona mlamuyo. "Tsitsani mawu. Akugona."

"Akugona ndani?"

"Madziwa. Dzulo munati, 'Alamu, madzi awa agone kaye, wina asawadzutse.' Ndiye palibe wawadzutsa."

Kapitawo anaterodi, ankakumbuka bwinobwino. Koma kuvomera? Aaa, si Ndanenakale ameneyo.

"Ndinanena bwino. Ogona ndi matope. Matope agone pansi, madzi apamwamba azipita."

"Eee? Ndiye agona awiri? Nanga wapamwambayo adzuka bwanji osamuponda mnzake?"

"Sapondana! Mumangochotsa thabwa limodzi lapamwamba, madzi oyera n'kumasefukira pang'onopang'ono."

"Thabwalo limalira, alamu. Ndinangolikhudza, kwiii! Ndinalisiya msanga."

"Pantchito pano musanditchule alamu. Ndine kapitawo."

"Chabwino, alamu."

Kapitawo anatchera khutu. Pamalopo panali zii, bata losayenera pamgodi.

"Nanga pampu yobwezera madzi kumakina yazimiranji?"

"Ndazimitsa ine. Phokoso lakelija inuyo mungagone?"

"Mayo ine! Laimu munathira?"

"Mankhwala ogonetsa matope aja? Ayi."

"Chifukwa?"

"Munthu wagona kale, mukamumwetsenso mankhwala a tulo? Mukufuna afe?"

Kapitawo anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anayang'ana khoma la dothi lotchinga dziwelo. Madzi anali atayamba kunyambita pamwamba pake, ndipo kuseri kwa khomalo kunali kutsetsereka kolunjika kumtsinje. Mantha anamugwira zenizeni.

"Tamverani, alamu. Madziwa akadumpha khoma ili, mtsinje wonse usanduka matope. Ntchito yanga ithera pomwepo. Ndipo amayi anu, apongozi anga, amene amatunga kumunsiko, sadzandipatsanso mpando pakhomo pawo."

"Akadumpha?" Mlamuyo anaseka chapansipansi. "Ogona amadumpha?"

"Awa amadumpha!"

"Ndiye ali m'maso?"

"Akugona!"

"Basitu. Mwanena nokha."

"Ndanena kale," anakuwa kapitawo, chala chili m'mwamba, "chilichonse chamatope sichifika kumtsinje chisanagone m'maiwe onse atatu! Atatu! Mwamva?"

"Ndamva, koma musakuwe. Taonani, ayamba kugwedezeka."

"Ndi mphepo imeneyo!"

"Nayonso ndinaiuza."

Apa kapitawo anaona kuti akapitiriza kulankhula achita misala. Anakankha mlamu wake n'kukwera pakamlatho kopita pamene panali matabwa otsekera madzi, magambutsi ali gu, gu, gu.

"Nyang'amani, alamu!"

"Ndisiyeni!"

Anagwira thabwa lapamwamba n'kukoka. Thabwa linakana. Anakokanso, mitsempha ya m'khosi ili njo.

"Likulira lija," anatero mlamuyo, atagwira kumutu.

"Lilire!"

Kachitatu thabwa linazuka mwadzidzidzi, kapitawo n'kupita nalo chagada. Khuvuu! Chipewa chokha n'chimene chinatsala chikuyandama.

Madzi apamwamba anayamba kutsikira m'dziwe lachiwiri, khoma lija n'kupuma. Kapitawo anavuuka akulavula, n'kukwawira kumtunda, matope kuyambira kutsitsi mpaka m'magambutsi, maso okha ali tuu. Mlamuyo anayang'ana dziwe limene linali litavunduka, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mwawadzutsa. Usiku wonse ine kuvutika."

"Yatsani pampu! Thirani laimu!"

"Tsopano ndiye ndithira. Adzukadi."

Kapitawo anaona kuti khoma lapulumuka, ntchito yapulumuka, mpando wa kwa apongozi nawonso ulipobe. Chotsala n'kusamba anthu asanamuone. Anauyamba wa kukanjira kotsikira kumtsinje, koma anangoona fosholo yamutchingira pachifuwa.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Kukasamba kumtsinje. Chokani!"

"Muli ndi matopetu."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikukasamba!"

"Paja munati chilichonse chamatope..."

"Ndimanena madzi!"

"Munati chilichonse. Kapena mwabweza mawu?"

Kapitawo anatsegula pakamwa, matope n'kudonthamo. Anaimirira mowongoka, chifuwa patsogolo.

"Ine sindibweza mawu!"

"Ndimadziwa," anatero mlamuyo mwaulemu, akuloza ndi fosholo kudziwe lachiwiri. "Mwagona m'limodzi lokha. Atsala awiri."