Kabureta Ikulu ya ku Kuku

Pamzere wa petulo ku Chawama, amuna awiri a njinga zamoto, osadziwana, anayamba kucheza. Woyamba kulankhula anali wokwiya kwambiri.

"Mudala, banibera! Makanika wina ku komboni ya Kuku ananiuza ati nikaika kabureta ikulu na koyilo yatsopano, njinga izambululuka monga mbalame. Ninalipira, ananiikira."

"Manje siimbululuka?"

"Kumbululuka kuti? Imangomwa petulo, pulagi yada bii. Dzulo napereka bamayi ku kiliniki, yazima katatu panjira. Wamalasha wopalasa njinga anatipitirira, bamayi bali kubuula kumbuyo!"

"Injini ing'ono siifuna vimenevo. Bwezeranipo yakale."

"Anatsala nayo, ati ni yotaya."

"Ku Kuku? Makanika wamfupi, wandevu?"

"Wamene uyo!"

"Iyee! Ndiye kabureta yanu ili pa njinga yanga iyi. Ananigulitsa pa Chiwiri, ndipo ithamanga bwino maningi."