Mapazi a Malemu Hilmi

Wolakwa ndi Medhat, mlembi wa buku la mbiri ya zaka zana za mabwalo a masewera pa yunivesite ya m'tauni mwathu muno, m'mbali mwa Nailo. Dziwe losambira analilemba, holo ya ogwetsana anailemba, koma pa bwalo la othamanga loyandikana ndi dziwelo sanawatchule malemu Hilmi, amene analisamalira zaka makumi atatu. Ndiye amake Wagdi, mkazi wa malemuwo, anamulondola pabwalo pomwepo dzuwa likuswa mtengo.

"Wa buku uja ndiwe?"

"Ndine, amayi."

"Mwamuna wanga Hilmi ali tsamba liti?"

"Mulibemo, amayi. Ine ndimalemba zokhala ndi umboni. Pepala likuti bwaloli anatsegula ndi mkulu wa yunivesite."

"Kutsegula! Anadula kansalu ndi sizasi n'kupita kukadya nkhunda. Mizere iyi anajambula ndani?"

Medhat anasolola cholembera. "Anajambula ndi chiyani?"

"Ndi njereza, nanga ndi uchi?"

"Ndikunena poyeza, amayi."

"Ndi mapazi ake! Kuponya phazi kamodzi, mita imodzi, mpaka mazana anayi. Osalakwitsa."

"A Hilmiwo anali aatali bwanji?"

"Anali mwamuna weniweni!"

"Mamita angati?"

"Ankandifika apa." Anagwira khutu lawo.

Medhat anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sizinamutengere nthawi. Anatulutsa tepi m'chikwama. "Tandigwirirani apa, amayi."

"Eyaa, wayamba kumva tsopano. Yeza ndithu, chikwangwani cha dzina lake chikhale chachikulu. Zilembo zagolide, wamva?"

Munthu uja anazungulira bwalo lonse chowerama, n'kubwera thukuta lili kamukamu.

"Mamita mazana atatu ndi makumi asanu ndi awiri."

"Lemba mazana anayi. Tepi yakoyo yafota ndi dzuwa."

"Ndi yachitsulo, amayi. Komanso pakona paja papindika modabwitsa."

"Ankalambalala mkuyu. Ine ndinkagulitsira tiyi pansi pake. Umafuna adule mthunzi wa mkazi wake?"

"Mthunzi… wa mkazi… wake," anatero Medhat akulemba.

"Lemba ndithu! Ulembenso kuti chaka ndi chaka ana a udokotala ndi a zaulimi amapikisana pano, wopambana n'kumunyamula kukamuponya m'dziwemo ndi nsapato zomwe. Alendo a ku Cairo ankagwira pakamwa akaona nthawi ya wopambanayo. Amati ana athu ndi mphepo!"

"Nanga akapita kukathamangira kwina?"

"Amakhala omaliza. Mabwalo akumeneko ndi oipa."

"Ndi aatali, amayi."

"Ndi zimene ndikunenazo!"

Medhat anatseka tepi, maso ali ng'aning'ani. "Amayi, Mulungu akudalitseni. Zaka ziwiri ndakhala ndikudabwa nazo zimenezi. Mayina onse ali pakhoma la holo, aja akuti anaswa mbiri ya liwiro, afufutidwa."

"Afufutidwa bwanji?"

"Ndi penti."

"Iwe! Pakhoma limenelo pali dokotala wa mawondo anga. Pali woweruza milandu. Pali apongozi ake a Wagdi, amene mendulo yawo anaipachika pamwamba pa chithunzi cha ukwati!"

"Onsewo anathamanga moperewera mamita makumi atatu. Koma inu musadandaule, zimene mwabwerera zatheka. Ndilemba kuti bwaloli analiyeza ndi a Hilmi, ndi mapazi awo. Tsamba lathunthu."

"Mzere umodzi ukwana, mwana wanga."

"Ayi, n'zosayenera. Tsamba, ndi chithunzi. Muli nacho choti aimirira, miyendo ikuoneka?"

Amake Wagdi anakonza mpango wawo wakuda, n'kuyang'ana kumwamba.

"Hilmi wake uti?"

"Amuna anu, amayi."

"Mwamuna wanga, Mulungu amuchitire chifundo, ankasesa kudziwe. Bwalo lino sanapondepo n'kamodzi komwe. Ankadwala miyendo."

Buku latuluka. Tsamba lilimo, ndipo chithunzi anakachitenga kwa Wagdi, chitsiru cha mwana. Mawondo a mayiyo akutupa, kuchipatala akuopa kupita kukakumana ndi dokotala wa pakhoma uja. Tsono inu opita kusukulu inu, ndiyankheni: mkazi wamasiye akabwera kudzapempha mzere umodzi wa mwamuna wake, mumamutulutsira tepi?