Telala Amene Anakana Kukatenga Makina Ake

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1949, ndipo tsiku limeneli palibe amene analitsutsapo, chifukwa lili pakalata ya ubatizo. Chimene enafe tinkatsutsa chamumtima ndi mawu amene ndinawamva tsiku loyamba kuponda pakhomo pano, m'chaka cha 2001, nditabwera kudzaonekera ngati munthu wofuna mwana wawo woyamba. Ndinaima paja pali mpando wa abusapo, nsapato zili zopukuta, malemu ali pakhonde akuyeza munthu wina m'chiuno. Anali asanandione. Ndinawamva akuuza munthuyo, singano ili pakamwa, kuti iwo anatengera Boma kukhoti ndipo analiwina. Ndinayang'ana khonde, ndinayang'ana jekete lawo, ndinayang'ananso nkhuku imene inkadutsa, n'kunena mumtima kuti apongozi awa ndi abwino, koma nkhani zawo tizizithira madzi pang'ono. Mkamwini satsutsa apongozi. Ndinangogwedeza mutu, ndipo ndaugwedeza zaka 23.

Abusa, akuluakulu, abale ndi anansi nonse, banja landisankha kuti ndiwerenge mbiriyi chifukwa ndine mkamwini wamkulu, komanso chifukwa ndili ndi magalasi.

Malemu anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda wa pasitolo, mayi awo ankachapa zovala m'nyumba za anthu. Sukulu anayamba mu 1957 n'kulekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi mu 1963, fizi itavuta. Eni ake ankati sanasiye sukulu, koma sukulu ndi imene inawasiya. Mphunzitsi wawo womaliza analemba kuti mwanayu ndi wanzeru, vuto lake amafunsa chifukwa ngakhale belu likalira.

Mu 1965 anayamba kuphunzira utelala kwa mmisiri wina wa pamsika, ndipo zaka ziwiri zoyamba ankangosita ndi kusokerera mabatani. Mu 1972 anagula makina awoawo, akuda, opondaponda, okhala ndi maluwa agolide pakhosi. Pa 17 Ogasiti 1974 anamanga ukwati ndi amayi athu akhala apowo. Amayi amanena kuti pakhomo pano mkazi wamkulu anali makina, chifukwa mafuta ankayamba kudzola ndi iwowo.

Mu 1979 anamanga nyumba ino. Simenti ya pakhonde isanaume bwino anaikapo makina aja, popeza panali madiresi a ukwati wina ofunika msanga, ndipo miyendo ya makinawo inasiya mapazi anayi mu simenti. Amene mwakhala kutsogolo mukuwaona, kumanja kwa chitseko. Muwasunge m'maso, tibwererakonso.

Mu Malichi 1997, amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa kumsika analandira kalata yoti achoke pasanathe masiku atatu, popanda wowafunsa maganizo. Anagwirizana zoyenda mwamtendere kukapereka dandaulo lawo, ndipo anabweretsa nsalu yoyera kwa malemu kuti awasokerepo mawu awiri: TIMVENI KAYE. Pamaliro sitinama. Malemu sanali wandale. Ulendowo sanapite nawo, chifukwa anali ndi thalauza la aphunzitsi aakulu lofunika kupinda. Ndipo nsaluyo sanasoke mwaulere.

Pa 14 Malichi panabwera apolisi awiri, motsogozedwa ndi sajeni wina amene nyota zake za paphewa zinali zidakali zatsopano. Anatenga malemu, anatenga makina ngati umboni, ndipo thalauza la aphunzitsi aakulu, limene linali pansi pa singano, linamangidwa nawo limodzi. Malemu anakhala m'chitokosi masiku asanu ndi anayi osauzidwa mlandu, osaonekera pamaso pa woweruza. Tsiku lakhumi anawatsegulira n'kuwauza kuti azipita, athokoze mwayi. Sanathokoze. Anafunsa kuti ngati mlandu palibe, masiku asanu ndi anayi aja anali a chiyani.

Loya wina wamkazi, amene ankasoketsa masiketi ake pano, anawabwereka kabuku ka malamulo aakulu a dziko. Anakawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, monga ankatsatira msoko. Anapezamo kuti munthu womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti munthu ali ndi ufulu wonena maganizo ake, ngakhale pansalu. Anakasuma. Abale anawaletsa, amvekere chala chimodzi sichiswa nsabwe. Iwo anayankha kuti singano nayo imakhala imodzi, koma imaboola chikopa.

Mlanduwo unayenda miyezi khumi ndi inayi. Unaimitsidwa kasanu ndi kamodzi: ulendo wina chifukwa fayilo inasowa, ulendo wina chifukwa inapezeka koma woisunga anali patchuthi. Pa 22 Meyi 1998 woweruza anagamula kuti kuwatsekera kuja kunali kosemphana ndi malamulo, kuti mawu awiri pansalu si mlandu, ndi kuti apolisi abweze makina pamalo pomwe anawatenga.

Izi ndikuzinena lero ndi pepala m'manja. Kale ndinkazimva ngati nkhani za pakhonde. Akunyumba kwanga ankandiuza kuti n'zoona, koma mwana wa munthu si mboni. Nditapempha kuona chigamulocho, malemu anandiuza kuti sichigwiridwa ndi manja amafuta, ndipo wofuna kuchiona akachipemphe kukhoti, ndi ufulu wake. Funso langa linali limodzimodzi ndi la ambiri a inu: ngati anawinadi, nanga makinawo ali kuti?

Makinawo anali kupolisi, mphindi khumi ndi ziwiri wapansi kuchokera pano. Patatha sabata chigamulo chiperekedwe, kunabwera kalata yakuti bwerani mudzatenge katundu wanu. Malemu anayankha kuti woweruza sananene kuti telala akatenge, ananena kuti apolisi abweze. Apolisi anati alibe galimoto. Malemu anawakumbutsa kuti tsiku lodzatenga lija analibenso galimoto, anachita kubwereka wilibala. Kuyambira pamenepo, pa 22 Meyi chaka chilichonse, ankavala jekete, kukhala patebulo n'kulemba kalata yokumbutsa. Akuluakulu a papolisipo anasinthana asanu ndi atatu. Yankho silinasinthe ngakhale liwu limodzi.

Malemu anagula makina ena ogwiragwira n'kuwaika kumapeto kwa khonde, kumene dzuwa la masana limawomba kumaso. Malo amthunzi aja, a mapazi anayi, ankawasesa okha m'mawa uliwonse, ndipo sankalola mpando, dengu kapena mdzukulu kukhalapo. Mu 2004 amayi anapangana ndi alamu anga aakulu kuti akatenge makinawo mwakachetechete. Malemu anakumana ndi wilibala pachipata isanatuluke. Nthawi yokhayo ndi imene banjali linatha masiku awiri osalankhulana, ndipo amayi akuti anali masiku awiri a mtendere.

Mu 2009 ndinagula galimoto, ndipo monga mukudziwa, munthu akangogula galimoto amadziona ngati yankho la mavuto onse. Ndinadzipereka kuti ndikawatengere makina aja. Anandifunsa mwaulemu ngati galimoto yangayo inatchulidwa m'chigamulo. Kenaka anaimitsa phazi pamakina, n'kundiuza mawu amene sindinawamvetse tsiku limenelo. Anati akapita kukatenga okha ndiye kuti apempha, ndipo chopempha chimatha kukanidwa. Koma apolisi akabweretsa okha ndiye kuti amvera khoti. Anati Boma limene silingamvere woweruza pa makina a telala, silidzamumveranso tsiku limene nkhani idzakhale moyo wa munthu. Ine ndinagwedeza mutu monga mwa nthawi zonse.

M'zaka zimenezi ndi mmene anthu anayamba kuwatchula kuti a Loya. Poyamba linali dzina lowaseka, koma analilandira ndi manja awiri, mpaka osekawo anatopa. Munthu wa dera lino akamangidwa, abale ake ankathamangira pakhonde pano. Malemu ankafunsa funso limodzi lokha: amugwira nthawi yanji? Ankalemba olalo pakhoma ndi choko chosokera, n'kupitiriza ntchito. Maola 48 akakwana, ankavala jekete, tepi ili m'khosi, n'kuperekeza abalewo kukafunsa ngati munthuyo akupita kukhoti kapena kwawo. Ena ankati akuikira kumbuyo akuba. Iwo ankati wolakwa aweruzidwe ndi woweruza, osati ndi loko wa pachitseko. Pa maulendo onsewa ankadutsa pakhomo penipeni pa chipinda chimene munali makina awo. Sanacheukepo.

Mu Febuluwale chaka chino, matenda a kuthamanga kwa magazi anawagwetsa pakhonde pomwepa, ndipo dzanja lamanja linasiya kugwira. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, kenaka anabwerera kunyumba. Kuyambira pamenepo, amayi ndi amene ankasesa malo a mapazi anayi aja. Pa 22 Meyi anauza amayi kuti awaveke jekete ali pabedi, n'kundiitanitsa kuti ndiwalembere kalata. Ndinalemba, poganiza kuti ndikusangalatsa wodwala. Titamaliza anandipatsa kiyi wa sutikesi ya pansi pa bedi kuti ndikasungemo kope la kalatayo pamodzi ndi zinzake.

Munali makalata 25, omangidwa ndi kansalu. Pansi pake panali masamba anayi okhala ndi chidindo cha khoti. Pamwamba panalembedwa dzina la apongozi anga, ndipo mbali inayo panalembedwa Boma. Ndinawerenga nditagwada, ndinamaliza nditakhala pansi. Ndikanayenera kuwapepesa nthawi yomweyo. Ndinati ndidzachita mawa, ndikapeza mawu oyenera munthu wa magalasi. Ndinali ndidakafunafuna mawuwo pamene anatisiya Lolemba pa 3 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 75.

Lachiwiri ndinapita kupolisi wapansi, chigamulo chili m'manja. Mkulu wa papolisipo tsopano ndi mayi, amene makinawo akugwidwa anali asanamalize pulayimale. Anandiuza kuti m'fayilo mwawo munali makalata a malemu ndi mayankho ake, koma chigamulo chenichenicho munalibe, ndipo aliyense wobwera ankangokopera yankho la amene wachoka. Anachiwerenga kawiri. Kenaka anati lamulo la khoti silikalamba, n'kuitanitsa makiyi. Makinawo anapezeka kuseri kwa njinga khumi ndi imodzi, kapepala ka umboni kadakali pakhosi.

Malemu asiya mkazi, amene akhala naye zaka 50 kupatula miyezi iwiri. Ana asanu, aakazi atatu ndi aamuna awiri. Adzukulu khumi ndi anayi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mchemwali wawo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, ampingo, anansi amene mwatibwereka mipando, ndi amayi a pamsika amene atiphikira masiku atatu osatumidwa. Tikuthokoza loya uja, amene tsitsi layera tsopano, chifukwa cha kabuku kamene sanabwezeredwe mpaka lero. Tikuthokozanso aphunzitsi aakulu opuma chifukwa cha kuleza mtima. Thalauza lanu lapezeka, mwendo umodzi wopinda. Za m'chiuno banja silikulonjeza kanthu.

Apa pepala langa likuti ndiime kaye. Ndipemphe amene mwakhala pakati pa chipata ndi khonde kuti mupatuke pang'ono, njira ioneke.

Amene akukankha wilibalawo ndi a Sajeni, amene anapuma ntchito kalekale. Atamva za malirowa anapita okha kupolisi n'kupempha kuti poti ndi iwo anatenga, akhalenso iwo obweza. Andilola kuti ndinene kuti kwa zaka 27 akhala akulambalala msewu uno, ndipo zovala zawo zikang'ambika ankapita nazo kwa telala wa kutsidya. Amene ali pambali pawo ndi mkulu wa polisi, ndipo anyamula buku loti amayi asainemo. Musawathandize, chonde. Alamu, manja m'thumba. Woweruza sanatchule inu.

Kumanzere pang'ono, a Sajeni. Pomwepo.

Mwaona nonse. Miyendo inayi yalowa m'mapazi ake, palibe wotsala. Amayi asaina kuti alandira, lero pa 6 Juni, pamalo pomwe anawatenga. A Sajeni avula chipewa, ndipo zimene akuwauza amayi panopa ndi za awiriwo, sizili mu mbiriyi.

Kwatsala mbali yanga, ndipo mboni zake ndi inu nomwe. Apongozi, tsiku lija ndinaima apo ndi nsapato zopukuta, ndinamva zimene munanena, ndipo sindinakukhulupirireni. Ndinadya nanu, ndinabatizitsa adzukulu anu, ndikugwedeza mutu wosakhulupirira. Ndinalakwa, pepani. Munatengeradi Boma kukhoti, munaliwina, ndipo lero labwera lokha wapansi.

Mawa amayi sasesanso malo opanda kanthu. A Loya, vulani jekete tsopano, kalata ya chaka chamawa palibe. Mzimu wanu uuse mumtendere.